KODI MUNTHU ANGASENZE MTOLO WA MNZAKE?

Akuluakulu athu anatisiyira mau akuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko." Tanthauzo lake tonse tikulidziwa. Ululu umadziwika ndi mwini wake. Munthu wokhuta sadziwa kutalika kwa usiku wa munthu wanjala. Wovala nsapato sawerenga minga ya m'njira.

Koma akuluakulu omwewo anatinso, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako." Apa akutilamula kuti tizithandizana. Tsono funso n'lakuti: ngati ululu umadziwika ndi mwini wake yekha, ine ndingafulumire bwanji kuzima moto umene sukunditentha? Kodi pali njira yoti munthu alaweko moyo wa mnzake? Anthu ena amati njira ilipo, ndipo njirayo ndi sewero. M'phunziro lino tiona ngati akunena zoona.

Sewero si lacilendo kwathu

Tonse tinasewerapo masanje. Ana amamanga timisasa kuseri kwa mudzi. Wina amakhala mayi, wina bambo, wina fisi. Mtsikana wamng'ono amabereka citsononkho kumsana, namaphika m'kamphika kake. Palibe amene amaonerera. Aliyense ali m'kati. Pofika madzulo mwanayo waphunzira kanthu za nchito ya amake, kamene sakanakamva pongouzidwa.

Nthano nazo zili conco. Agogo akati "Padangokhala," ife timayankha "Tili tonse." Wofotokoza sayenda yekha. Omvera amavomereza, amayimba nawo, amakwiya ndi fisi, amamvera cisoni mwana wamasiye.

Kuno ku Marávia, ku Chifunde, ku Macanga ndi ku Angónia tilinso ndi gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia. Za m'kati mwa gule zili ndi eni ake, ndipo sitikamba pano. Tingonena zimene aliyense amaona pabwalo: zilombo zina zimaonetsa mayendedwe a mlendo, zina za munthu woledzera, zina za munthu wosamva malango. Anthu amaseka, koma poseka amadziona okha.

Cotero pamene tikamba za sewero lolowetsa munthu m'moyo wa mnzake, tikukamba za mbeu imene inamera kale m'munda mwathu.

Mayi amene anakwera pabwalo

Ku dziko la Brasil, kumene amalankhula Cipwitikizi monga kuno, kunali munthu wa masewero dzina lake Augusto Boal. Anabadwa mu 1931, namwalira mu 2009. Mu 1971 boma la asilikali linamumanga, ndipo atatuluka anathawa m'dzikolo. Mu 1973 anali ku Peru, kumene anathandiza pa nchito yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, monga tikucitira ife pano.

Kumeneko gulu lake linkacita motere. Munthu ankafotokoza vuto lake, ocita sewero n'kulisewera. Pofika pobvuta ankaima, n'kufunsa anthu kuti, "Tsopano acite ciani?" Anthu ankapereka nzeru ali cikhalire, ocita sewero n'kuyesa nzeruzo.

Boal anafotokoza kuti tsiku lina kunabwera mayi wosadziwa kuwerenga. Mwamuna wake ankamutengera ndalama, namati akumanga nyumba. Ankamupatsa mapepala kuti asunge, namati ndi mapepala a nyumbayo. Mayiyo atapempha mnansi kuti amuwerengere, anapeza kuti anali makalata acikondi ocokera kwa mkazi wina. Nyumba kunalibe. Tsono anafunsa anthu kuti acite ciani mwamunayo akabwera.

Mayi wina mwa oonerera anapereka nzeru yake: mkaziyo alankhule naye momveka bwino, kenako amukhululukire. Ocita sewero anayesa, mayiyo anati sizimenezo. Anayesanso, anakananso. Potsiriza Boal anamupempha kuti abwere pabwalo adzaonetse yekha. Mayiyo anakwera, natenga malo a mkazi wonamizidwayo. Anagwira "mwamunayo" mwamphamvu, namukalipira ndi ukali wonse, mpaka kumuthira tsace. 

Sitikuphunzirapo kuti nkhani zimatha ndi tsace. Cimene Boal anaona n'cakuti mayi uja anali ndi cinthu mumtima cimene ocita sewero sakanatha kumuseweretsera. Anayenera kulowa yekha. Kuyambira pamenepo anatsegula bwalo kuti aliyense woonerera azitha kulowa. Nzeru zimenezi anazilemba m'buku lochedwa Teatro do Oprimido, kutanthauza sewero la anthu oponderezedwa.

M'mene limacitikira

Sewero lotere silifuna nyumba, magetsi kapena zovala zogula. Pansi pa mtengo mpokwanira.

Coyamba, anthu amakhala pansi n'kusankha vuto lenileni la pamudzi pawo. Caciwiri, amapanga sewero lalifupi, lothera poipa: wovutikayo akulephera. Cacitatu, amaliyambanso, ndipo woonerera aliyense ali ndi ufulu wofuula kuti, "Imani!" Akatero amalowa, n'kutenga malo a wovutikayo, n'kuyesa njira yake. Amene akusewera ngati wozunza safewa msanga, cifukwa m'moyo weniweni wozunza safewa msanga. Pamakhalanso munthu mmodzi wotsogolera, amene nchito yake ndi kufunsa, osati kuweruza: "Kodi izi zingatheke pamudzi pano? Nanga mawa lake kudzacitika ciani?"

M'dziko lathu, gulu lochedwa Grupo de Teatro do Oprimido linayamba ku Maputo mu 2001, motsogozedwa ndi Alvim Cossa. Linaphunzitsa magulu a m'zigawo zambiri, ndipo nkhani yaikulu imene anayamba nayo inali ya matenda a Edzi ndi kusalana. Anansi athu a ku Malawi anayamba kale njira yofanana nayo. Aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, ku Zomba, anapita ku Mbalachanda mu 1981, ndipo kuyambira 1985 anagwira nchito m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za madzi ndi umoyo. Kumeneko anaona kuti sewero lobwera lophikaphika kucokera kutali silikhalitsa m'mitima, koma limene anthu a pamudzi alowamo okha limabala makambirano.

Tiyese pano pa Fíngoè

Tiyeni titenge vuto limene tonse a m'sukulu ya akulu tikulidziwa. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anali 39 mwa akuluakulu 100 alionse, ndipo mwa amayi anali pafupifupi theka. Manambala amenewa ndi osavuta kuwachula. Koma manyazi a munthu mmodzi woimirira pa zenera la ofesi salembedwa m'manambala.

M'kalasi mwathu timacita sewero ili. Timaitana acinyamata amene anapita kusukulu, ana ndi adzukulu a ophunzira athu. Mnyamata mmodzi amatenga malo a amake. Mayi mmodzi wophunzira amakhala kuseri kwa tebulo ngati mlembi. Pepala limene mnyamatayo amapatsidwa lili ndi mizere ndi timadontho topanda tanthauzo. "Mlembi" amalankhula mofulumira mau osamveka, namaloza pepalalo. Pambuyo pali mzere wa anthu amene akung'ung'udza kuti akucedwa. Mnyamatayo akafunsa, amamuyankha ndi dzanja lokha. Potsiriza amamugwira cala, n'kucipaka inki, n'kucidinda pa pepala limene sakudziwa kuti likunena ciani.

Poyamba anthu amaseka. Koma cala cikagwidwa, nthawi zambiri kuseka kumatha. Wotsogolera amafunsa mnyamatayo kuti, "Wasayina ciani?" Iye sadziwa. Mwina wavomera ngongole, mwina wapereka munda. Pamenepo m'pamene amayi amayamba kulankhula. Wina amati, "Ine ndimanama kuti maso akundiwawa." Wina amati, "Ine ndimadikira anthu onse acoke." Ana awo akhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, koma mau amenewa amawamva koyamba tsiku limenelo.

Tingacitenso cimodzimodzi ndi madzi. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilo 20, osawerengera cigubuco. Abambo akacisenza pamutu kuzungulira bwalo kawiri, wina atawamangirira mtolo kumsana ngati mwana, funso lakuti "Bwanji nsima yacedwa?" limamveka mwina.

Apa tikuona mphamvu ya sewero. Khutu limamva n'kuiwala, koma khosi limene lasenza limakumbukira.

Koma mtolo wa m'sewero umatulidwa

Tsopano tifike pa mbali yovuta. Mnyamata uja sewero likatha amasamba inki, n'kubwerera kukawerenga mauthenga pa foni yake. Amake amabwerera kunyumba ali osadziwabe kuwerenga. Bambo uja amatula cigubu pambuyo pa mphindi zisanu, anthu akumuombera m'manja. Mkazi wake adzacisenza mawa mbandakuca, mkuja, ndi caka camawa, popanda womuombera m'manja.

Kulemera kwa mtolo sikuli m'makilo okha. Kuli m'kudziwa kuti sudzautula. Cimeneci sewero silingapereke. Wosewera amadziwa kuti pali pothera. Mwini vuto sadziwa.

Ngozi yake ndi iyi. Munthu angatuluke m'sewero n'kunena kuti, "Tsopano ndikudziwa zonse za iwe." Munthu woteroyo ndi woopsa kuposa amene sanasewere konse, cifukwa wasiya kufunsa. Angathe kunenanso kuti, "Ndasenza ine, sicinali colemera kwenikweni." Kapena angalire misozi, n'kumva mtima wake kupepuka, n'kupita kwawo akuganiza kuti wacita kanthu. Koma misozi ya woonerera sitsitsa cigubu pamutu pa munthu.

Boal anakumana ndi zimenezi asanapite ku Peru. Anafotokoza kuti gulu lake linapita kwa alimi osauka a kumpoto cakum'mawa kwa Brasil. Anacita sewero atanyamula mfuti, akuyimba kuti anthu akhale okonzeka kukhetsa mwazi cifukwa ca nthaka. Litatha, mlimi wina anasangalala, nawapempha kuti atenge mfuti zawozo apite limodzi kukamenyana ndi anthu a mwini munda. Ocita sewero anayankha kuti mfutizo zinali zoseweretsa. Mlimiyo anati palibe kanthu, mfuti zenizeni zilipo zokwanira onse. Pamenepo anaulula kuti iwo ndi anthu a masewero cabe, sadziwa kuombera. Mlimiyo anazindikira kuti mwazi umene ankauyimbawo unali wa alimi okha. Ocita sewero anali ndi kwawo kobwerera kumzinda.

Nkhani imeneyi tiyenera kuikumbukira ife tonse amene timaphunzitsa. N'capafupi kuuza mayi m'sewero kuti, "Mukaneni mwamuna wanuyo!" Koma usiku amene adzagona m'nyumba imeneyo ndi iye. N'capafupi kuuza mtsikana kuti akane ukwati. Lamulo la dziko lathu la 2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo n'labwino kuti aliyense alidziwe. Koma mtsikana amene wakana afunika podya, pogona ndi malo kusukulu. Ngati amene anamuombera m'manja pabwalo sadzamuimira pamaso pa amalume ake, anamunamiza.

Mabala si coseweretsa

Pali ngozi inanso. Dera lathu linaona nkhondo ziwiri. Nkhondo ya ufulu inayaka m'cigawo ca Tete kuyambira 1968, ndipo ina inatha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Makolo athu ambiri anathawira ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke, ena ku Malawi. Ife acinyamata tinabadwa mfuti zitaleka kulira. N'cabwino kuti tifune kudziwa zimene anaona. Koma pamudzi umodzi pangakhale amene anatenthedwa nyumba, ndi amene anagwidwa ali mwana n'kukakamizidwa kutentha. Kusewera nkhani zoterezi mosasamala kuli ngati kukanda cilonda cimene cinayamba kupola.

N'cimodzimodzi ndi munthu wolumala, wacialubino, kapena wodwala. Mwana akatsanzira kayendedwe ka munthu wopunduka kuti anzake aseke, timamudzudzula. Nanga n'ciani cimasiyanitsa kutsanzira konyoza ndi sewero lophunzitsa? Thupi limacita zofanana. Cosiyana ndi ici: ndani wapereka nkhaniyo, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimitsa. Ngati mwini nkhani wavomera, ali pomwepo, ndipo angathe kunena kuti, "Ayi, sizikhala conco," ndiye kuti tikuphunzira kwa iye. Ngati palibe, tikumudya miseche poyera.

N'cifukwa cake m'sewero la pepala lija amene amakhala kuseri kwa tebulo ndi mayi wophunzira. Ndiye adziwa m'mene mlembi wosaleza mtima amayang'anira, m'mene amakankhira pepala. Tsiku limenelo mphunzitsi ndi iyeyo. Amene amaonedwa ngati wosadziwa kanthu amapezeka kuti ndiye mwini nzeru.

Yankho lake

Tibwerere ku funso lathu. Kodi munthu angasenze mtolo wa mnzake? M'sewero angaulawe cabe. Sangaudziwe wonse. Wamva m'mimba akhalabe mwini wake.

Koma kulawa si kwacabe. Mayi akalawa ndiwo ndi nsonga ya cipande sakhuta, koma amadziwa ngati mcere wacepa, ndipo amathira. Phindu la kulawa lili m'cimene dzanja licita pambuyo pake. Sewero labwino silipangitsa munthu kunena kuti, "Ndadziwa." Limamupangitsa kunena kuti, "Sindinkadziwa, ndiuzeni zambiri." Limatsegula khutu, ndipo khutu likatseguka, mwini nkhani amalankhula yekha.

Cotero sewero lililonse lotere tiliyese ndi miyeso itatu.

Woyamba: kodi eni nkhani avomera, ndipo ndiwo akutsogolera?

Waciwiri: kodi wolowa m'malo mwa mnzake watuluka ndi mafunso, kapena watuluka akudzitama?

Wacitatu: kodi tisanabalalike tagwirizana cinthu cimodzi coti ticite, ndi munthu woti acicite, ndi tsiku lake?

Cinthuco cisakhale cacikulu. Mnyamata angalonjeze kukhala ndi amake madzulo alionse kuti abwereze zilembo. Bambo angatenge njinga n'kukatunga madzi masiku amene mayi ali ndi phunziro. Kalasi ingagwirizane kuti palibe mmodzi wa ife adzadinda cala pa pepala limene sanawerengeredwe ndi munthu amene amamukhulupirira. Nyakwawa ndi akuluakulu a mipingo angaitanidwe kuti alowe nawo m'sewero, cifukwa ndiwo amaweruza nkhani zimenezi zikafika pabwalo lenileni. Boal nayenso anaona kuti sewero liyenera kufika kumene malamulo amapangidwa. Anakhala phungu wa mzinda wa Rio de Janeiro kuyambira 1993 mpaka 1996, ndipo nzeru zimene anthu ankapereka m'masewero ankazitengera ku msonkhano wa mzindawo. Zina zinasanduka malamulo.

Makolo athu anati, "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu." Umunthu sufuna kuti ine ndisanduke iwe. Zimenezo sizitheka. Umafuna kuti ndidziwe kuti mtolo wako ndi weniweni, ndikhulupirire pamene ukundiuza kulemera kwake, ndipo ndigwire mbali imene dzanja langa lingafike. Sewero limathera pabwalo, koma mtolo uli kunyumba, kudambo ndi pa zenera la ofesi. Kumeneko ndiye kodziwikira ngati tinaphunziradi.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko."

2. N'cifukwa ciani mayi wa ku Peru sanakhutire mpaka atakwera yekha pabwalo?

3. Kodi mlimi wa ku Brasil anawaphunzitsa ciani ocita sewero?

4. Pali kusiyana kotani pakati pa kutsanzira munthu monyoza ndi kusewera nkhani yake mwaulemu?

5. Chulani vuto limodzi la pamudzi panu limene mungalisewere. Eni nkhaniyo ndani? Mungawapemphe bwanji?

6. Lembani m'kope mwanu mau awa: sewero, mtolo, bwalo, ulemu, umunthu. Pangani ciganizo cimodzi ndi liu lililonse.